Bungwe la IUCN: mmene limayezera chilengedwe cha dziko lonse ndi pamene mphamvu zake zimathera

M'mwezi wa November 2018, bungwe la International Union for Conservation of Nature, loona za kasamalidwe ka chilengedwe padziko lonse, lomwe ambiri amangolitchula kuti IUCN, linalengeza zotsatira za kauniuni wa mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi. Linapeza kuti mitundu 9 mwa 100 iliyonse ili pa chiopsezo chachikulu chakuti ikhoza kutheratu, ndipo mitundu itatu mwa mitundu inayi ya chambo inaikidwa m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kuzimiririka. Asodzi a ku Mangochi ndi ku Malombe sanadabwe nazo, chifukwa kwa zaka zambiri anali akuona makoka akutuluka m'madzi opepuka, chambo chikuchepa kukula, mtengo wake ukukwera. Chomwe chilengezocho chinasintha n'chakuti madandaulo omwe ankathera padoko tsopano analembedwa m'kaundula amene maboma, mabanki ndi mabungwe opereka thandizo amatsegula asanavomereze ntchito zikuluzikulu. Ntchito yaikulu ya IUCN ndi imeneyo: kuyeza, kulemba ndi kuchenjeza. Bungweli lilibe apolisi, lilibe khothi, ndipo silingalamule dziko lililonse, choncho kuti tilimvetse bwino tiyenera kuona mmene mawu ake amapezera kulemera.

Linabadwa pa 5 October 1948 m'tauni ya Fontainebleau ku France, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha kumene. M'modzi mwa amene analimbikira kuti likhazikitsidwe anali Julian Huxley, katswiri wa sayansi ya zamoyo wa ku Britain yemwe panthawiyo anali mkulu woyamba wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe. Poyamba cholinga chake chinali kutchinjiriza chilengedwe kwa anthu, koma mu 1956 dzina linasinthidwa kuti likhudzenso kasamalidwe ka chuma chachilengedwe chomwe anthu amagwiritsa ntchito, pozindikira kuti mayiko omwe ankayandikira ufulu wodzilamulira sakanamvera bungwe longowauza kuti asakhudze nkhalango zawo. Ndalama zinali zosowa kwambiri m'zaka zoyambirira, ndipo bungwe la WWF, lodziwika ndi chizindikiro cha panda, linakhazikitsidwa mu 1961 makamaka kuti lizisonkhanitsa ndalama zothandizira ntchito ngati za IUCN. Lero likulu la IUCN lili m'tauni ya Gland ku Switzerland, ndipo kuyambira mu 1999 lili ndi mpando wa woonerera pa msonkhano waukulu wa United Nations.

Kapangidwe kake n'kachilendo ndithu. Mamembala ake, omwe ndi oposa 1,400, ndi osakanikirana: muli maboma, nthambi za maboma, mabungwe omwe si aboma, ndipo kuyambira mu 2016 mulinso gulu lapadera la mabungwe a anthu a mitundu yomwe ndi eni nthaka enieni m'madera awo. Pa msonkhano waukulu womwe umachitika zaka zinayi zilizonse, monga wa ku Marseille mu 2021 ndi wa ku Abu Dhabi mu 2025, mavoti amawerengedwa m'zigawo ziwiri, cha maboma ndi cha mabungwe, ndipo mfundo imadutsa pokhapokha ikapambana mbali zonse ziwiri. Zimenezi zimachedwetsa zinthu ndiponso zimafewetsa mawu a mfundo zambiri, komabe ndi zomwe zimachititsa kuti nduna ya boma ndi mtsogoleri wa kabungwe kakang'ono akhale m'chipinda chimodzi n'kumatsutsana maso ndi maso. Pambali pa mamembala pali akatswiri oposa 15,000 ogwira ntchito modzipereka m'makomishoni, ndipo ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, ofufuza ndi oyang'anira mapaki omwe salipidwa ndi bungweli.

Mndandanda Wofiira

Chida chodziwika kwambiri cha IUCN ndi Mndandanda Wofiira wa zamoyo zomwe zili pa chiopsezo, womwe unayamba mu 1964. Poyamba unkadalira maganizo a akatswiri ochepa, ndipo ankati nyama ili pangozi chifukwa chakuti munthu wodziwa wanena choncho. Mu 1994 anakhazikitsa miyeso ya manambala, yomwe inakonzedwanso mu 2001, kuti chiweruzo chilichonse chizitha kufufuzidwa ndi kutsutsidwa ndi wina aliyense amene ali ndi umboni. Kusintha kumeneku ndi kumene kunapatsa mndandandawu ulemu womwe uli nawo lero.

Pali magulu 9. Kumapeto kuli zamoyo zomwe zinatheratu, ndi zomwe zinatha kutchire koma zikusungidwa m'makola kapena m'minda ya kafukufuku. Pakati pali magulu atatu a zomwe zili pa chiopsezo: chiopsezo choopsa kwambiri, chiopsezo chachikulu, ndi chiopsezo chocheperapo. Kenaka pali zomwe zikuyandikira chiopsezo, zomwe sizikudetsa nkhawa, zomwe umboni wake ndi wosakwanira, ndi zomwe sizinaunikidwe n'komwe. Kuti mtundu wa nyama kapena mtengo ulowe m'gulu loopsa kwambiri, uyenera kukwaniritsa muyeso umodzi mwa isanu. Mwachitsanzo, chiwerengero chake chikhale chitatsika ndi 80 pa 100 iliyonse m'zaka 10 kapena m'mibadwo itatu ya chamoyocho, potengera nthawi yomwe ili yaitali. Kapena zazikulu zotha kubereka zikhale zosakwana 50. Kapena dera lonse lomwe chimapezeka likhale losakwana masikweya kilomita 100 ndipo likhale likuphwanyika kapena kuchepa. Pa gulu lachiwiri manambalawa amakhala 50 pa 100 ndi zamoyo 250, ndipo pa lachitatu 30 pa 100 ndi zamoyo 1,000.

Nkhani ya mibadwo ndi yofunika kuimvetsa. Mbewa imabereka ikangokwanitsa miyezi yochepa, pamene njovu imatenga zaka zoposa khumi isanabereke mwana woyamba ndipo imakhala ndi bere pafupifupi miyezi 22. Kuziyeza ziwirizi ndi nthawi yofanana kukanabisa tsoka la njovu, chifukwa kutha kwake kumaoneka pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mu 2021, IUCN itayamba kuona njovu za mu Africa ngati mitundu iwiri yosiyana, inayang'ana m'mbuyo zaka makumi angapo n'kuika njovu ya m'nkhalango zowirira za pakati pa Africa m'gulu loopsa kwambiri, ndipo njovu ya m'madambo ndi m'tchire, yomwe ndi ya kuno kwathu ku Liwonde, Kasungu ndi ku Luangwa, inaikidwa m'gulu lachiwiri.

Kauniuni aliyense amalembedwa ndi akatswiri odziwa chamoyocho, amawunikidwanso ndi ena omwe sanalembe nawo, ndipo pomaliza amadutsa ku ofesi ya mndandandawu ku Cambridge. Mitundu yoposa 160,000 yaunikidwa kale, ndipo yoposa 45,000 yapezeka kuti ili pa chiopsezo. Nthawi zina uthenga umakhala wabwino. Panda inatsitsidwa kuchoka m'gulu lachiwiri kupita m'lachitatu mu 2016, ndipo anyani akuluakulu a m'mapiri a Rwanda, Uganda ndi Congo anachotsedwa m'gulu loopsa kwambiri mu 2018 chiwerengero chawo chitapitirira 1,000.

Mndandandawu uli ndi zofooka zomwe akatswiri ake amavomereza. Mbalame ndi nyama zoyamwitsa zaunikidwa pafupifupi zonse, pamene tizilombo, bowa ndi zamoyo za pansi pa nyanja zangokhudzidwa pang'ono, ngakhale kuti ndizo zochuluka kwambiri padziko. Kauniuni amatengedwa kuti ndi wakale akapitirira zaka 10, ndipo ambiri apitirira kale chifukwa ndalama zobwererako palibe. Komanso gulu la zomwe umboni wake ndi wosakwanira limanamiza anthu osazolowera, omwe amaliwerenga ngati likutanthauza kuti palibe vuto, chonsecho kawirikawiri limatanthauza kuti palibe amene anapita kukawerenga.

Nanga mndandanda wopanda mphamvu ya lamulo umaluma bwanji? Umaluma kudzera mwa ena. Pangano la CITES, loletsa kapena kuchepetsa malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, linachokera ku mfundo yomwe mamembala a IUCN anagwirizana ku Nairobi mu 1963, ndipo linasainidwa ku Washington mu 1973. Mayiko akamakambirana zoika chamoyo pa mndandanda wa CITES amadalira kwambiri umboni wa IUCN. Umu ndi mmene mitundu yonse ya ngaka inaletsedwera pa malonda a pakati pa mayiko pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016. Mu 2019 ku Geneva, dziko la Malawi linapempha ndipo linapambana kuti mtengo wa mukula ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje ziikidwe pansi pa malamulo a panganoli. Mkungudzawo, womwe ndi mtengo wa fuko, uli m'gulu loopsa kwambiri, ndipo kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala m'phiri lonselo, ena onse ocheka matabwa ndi moto wolusa zitamaliza. Palinso njira ya ndalama: nthambi ya World Bank yobwereketsa makampani, International Finance Corporation, imaika malamulo okhwima pa ntchito iliyonse yokhudza malo okhala zamoyo za m'magulu awiri apamwamba, kotero kuti kachule kamodzi kolembedwa pa mndandandawu kakhoza kusinthitsa mapulani a mgodi kapena damu.

Malo a cholowa cha dziko lonse

Ntchito yachiwiri ikukhudza malo omwe UNESCO imawalemba ngati cholowa cha anthu onse. Pangano lake linavomerezedwa mu 1972, pambuyo pa ntchito yaikulu ya m'zaka za m'ma 1960 yodula ndi kusamutsa akachisi a Abu Simbel ku Egypt kuti asamizidwe ndi madzi a damu la Aswan. IUCN inathandiza kulemba panganoli, ndipo ndi imodzi mwa alangizi atatu otchulidwa m'menemo. Iyo imaunika malo achilengedwe, bungwe la ICOMOS limaunika malo a chikhalidwe ndi mbiri, ndipo la ICCROM, la ku Rome, limaona za maphunziro ndi luso lokonza zinthu zakale. Dziko likapereka pempho, IUCN imatumiza akatswiri kukayenda pamalopo, imafunsa ena ambiri kuti awerenge zikalata, kenaka imapereka malangizo: alembedwe, abwezedwe kuti akakonze zina, kapena akanidwe. Chigamulo chenicheni chimapangidwa ndi komiti ya mayiko 21.

Malawi ali ndi malo atatu pa mndandandawu, ndipo akusonyeza bwino kugawana ntchito kumeneku. Paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa mu 1984, imaunikidwa ndi IUCN chifukwa cha mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tokhala m'miyala tomwe tagawikana m'mitundu mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse, ndipo asayansi amatiyerekeza ndi mbalame za pa zilumba za Galápagos pa kufunika kwake pophunzira mmene mitundu yatsopano imayambira. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, zomwe zili pa malo 127 ndipo zina ndi za Akafula pamene zina ndi za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau, zinalembedwa mu 2006 ngati malo a chikhalidwe. Phiri la Mulanje linalowa mu July 2025, nalonso chifukwa cha chikhalidwe, poti ndi malo a mizimu kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Apa pakuonekera vuto la kugawa zinthu pawiri: mkulu wopereka nsembe m'phirimo sasiyanitsa mtengo ndi mzimu wokhalamo, koma zikalata za UNESCO zimafuna kuti chimodzi chipite kwa katswiri wa zomera, china kwa katswiri wa mbiri. IUCN ndi ICOMOS akhala akuyesa kugwirira ntchito limodzi pa malo otere, ngakhale kuti miyeso yawo ikadali yosiyana.

Malo akalembedwa, IUCN imapitiriza kuwayang'anira. Boma la Malawi litapereka ziphaso zofufuzira mafuta m'nyanja kuyambira mu 2011, komiti inadandaula, ndipo mu 2014 akatswiri a UNESCO ndi IUCN anabwera kudzaona okha. Mfundo yawo inali yakuti ngakhale pakiyi ndi yaing'ono, masikweya kilomita pafupifupi 94 okha, mafuta otayika kulikonse m'nyanjamo sangaime pa malire a paki. Chilango chomwe chilipo ndi manyazi basi: malo akhoza kuikidwa pa mndandanda wa omwe ali pangozi, kapena kufufutidwa. Kufufuta kwachitika katatu kokha. Malo osungira mphalapala za ku Arabia ku Oman anachotsedwa mu 2007 boma litadula 90 pa 100 ya malowo kuti lifufuze mafuta, chigwa cha Elbe ku Dresden chinachotsedwa mu 2009 chifukwa cha mlatho, ndipo doko la Liverpool linachotsedwa mu 2021 chifukwa cha nyumba zatsopano.

Nkhani ya Selous ku Tanzania ndiyo imaonetsa malire a mphamvuzi poyera. Nkhalangoyi inaikidwa pa mndandanda wa malo omwe ali pangozi mu 2014 opha nyama mozembera atamaliza njovu zambiri. Kenaka boma linayamba kumanga damu lalikulu la magetsi pa mtsinje wa Rufiji, mkati mwenimweni mwa malowo, lotha kupanga mamegawati 2,115. Mu 2021 alangizi anati malowa afufutidwe poti zomwe anawalembera zawonongeka, koma komiti ya mayiko inakana, ndipo damu la Julius Nyerere linamalizidwa. Chaka chomwecho dziko la Australia linalimbana mpaka kupambana kuti miyala ya m'nyanja ya Great Barrier Reef isaikidwe pa mndandanda wa pangozi. Amene amati komitiyi yasanduka bwalo la ndale sakunama, pakuti nthumwi zambiri tsopano ndi akazembe omwe amasinthanitsa mavoti. Komabe mbali ya Tanzania siyenera kunyozedwa. Dziko lomwe anthu ake ambiri akuphikirabe nkhuni lili ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti amene akuliletsa damu alipatsa magetsi ochokera kuti, ndipo malangizo a akatswiri sabwera ndi ndalama zoyankhira funso limeneli.

Anthu okhala m'mphepete mwa mapaki

Mawu akuti chitukuko chokhalitsa, omwe lero ali pakamwa pa nduna iliyonse, anayamba kufala ndi chikalata cha ndondomeko yosamalira chilengedwe cha dziko lonse chomwe IUCN inatulutsa mu 1980 mogwirizana ndi WWF ndi UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe. Komishoni ya United Nations yomwe inkatsogoleredwa ndi Gro Harlem Brundtland wa ku Norway inawakuza mu 1987, ndipo msonkhano wa ku Rio de Janeiro wa 1992 unawalowetsa m'mapangano. Chikalata cha 1980 chinanena kuti kusamalira chilengedwe ndi chitukuko zimadalirana, ndipo kunena zimenezi kunali kuvomereza kuti njira yakale inali ndi mlandu.

Njira yakaleyo inatengera paki ya Yellowstone ya ku America ya 1872: kuchotsa anthu, kuika malire, kulemba alonda a mfuti. Amasai anachotsedwa m'paki ya Serengeti ku Tanzania mu 1959. Abatwa anathamangitsidwa m'nkhalango ya Kahuzi-Biega ku Congo m'zaka za m'ma 1970 ndi ku Bwindi ku Uganda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ambiri osapatsidwa malo ena olima. Kuno kwathu midzi inasamutsidwa pamene paki ya Nyika inakuzidwa mu 1978. Munthu amene makolo ake anaikidwa m'manda mkati mwa paki, ndipo lero amamangidwa akapezeka akutola nkhuni kapena kufula uchi momwemo, sangaone njovu yodya chimanga chake ngati cholowa cha anthu onse. IUCN sinathamangitse anthuwa ndi manja ake, koma miyeso yake yoyambirira ya chomwe chimatchedwa paki yeniyeni inapatsa maboma chifukwa chochitira zimenezi.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Mu 1994 bungweli linakonzanso magulu a malo otetezedwa kukhala 6, ndipo lomaliza limalola anthu kukolola zachilengedwe mosamala. Msonkhano wa mapaki wa ku Durban mu 2003 unavomereza ufulu wa eni nthaka ndipo unalimbikitsa kuti malo omwe analandidwa popanda chilolezo abwezedwe. Kum'mwera kwa Africa kunali kale zitsanzo, monga ndondomeko ya CAMPFIRE ya ku Zimbabwe yomwe inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, yopatsa makhonsolo ndi midzi gawo la ndalama zochokera ku nyama zakutchire. Mbali yaikulu ya ndalamazo inkachokera kwa alendo olipira kuti asake nyama, ndipo nkhani imeneyi imagawa mamembala a IUCN mpaka lero: mabungwe ambiri a ku Ulaya ndi America amafuna kusaka kotere kuthe, pamene maboma a Namibia, Botswana, Zambia ndi Zimbabwe amati ndiko kumalipira alonda ndi kumanga zipatala za m'midzi. Mfundo ya bungweli, yomwe inavomerezedwa ku Amman mu 2000, ndi yakuti kugwiritsa ntchito zamoyo mosamala kukhoza kukhala njira yozitetezera.

Chitsanzo chomwe ndimachiona kukhala cholimba kuposa zikalata zambiri chili pa chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi pachilumbachi nyengo ya mvula yonse, asodzi onse amachokapo, ndipo pakatsegulidwa pamakhala mwambo. Pali malamulo oletsa mowa, njuga ndi zida zina zophera nsomba, ndipo amatsatidwa chifukwa wowaphwanya amaweruzidwa ndi anthu omwe amamudziwa ndipo akhoza kuthamangitsidwa pachilumbapo. Lamulo la boma lotseka nyanja kumapeto kwa chaka kuti chambo chiswane lili ndi cholinga chomwecho, koma m'madoko ambiri maneti a udzudzu akusesabe ana a nsomba m'malo oswanirana. IUCN yayamba kuwerengera malo ngati Mbenji, osamalidwa ndi eni ake popanda kukhala paki, ndipo izi zidzakhala zofunika kwambiri pa lonjezo lomwe mayiko anapanga ku Montreal mu December 2022 loti 30 pa 100 ya mtunda ndi nyanja ikhale yotetezedwa pofika 2030. Lonjezoli likatsatidwa ndi njira ya mipanda ndi mfuti, lidzabala Serengeti zina zambiri, ndipo mikangano yochotsa Amasai ku Loliondo ku Tanzania mu 2022 inasonyeza kuti njira imeneyo sinafe.

Ntchito yobwezeretsa nkhalango ndiyo yatsopano kwambiri. Mu 2011 IUCN ndi boma la Germany anayambitsa Bonn Challenge, yofuna kuti mahekitala 350 miliyoni a malo oguga akhale akukonzedwa pofika 2030. Malawi analonjeza mahekitala 4.5 miliyoni, pafupifupi theka la mtunda wonse wa dzikoli, ndipo IUCN inathandiza pa kafukufuku yemwe anabala ndondomeko ya boma ya 2017 yosonyeza maboma ndi madera oyenera kuyambira. Ndondomekoyi ikutsindika zinthu zomwe mlimi angathe yekha, monga kusiya zitsa ziphuke m'munda, kusunga misangu pakati pa chimanga ndi kuteteza magombe a mitsinje, m'malo modalira mbande zobzalidwa pa mwambo wa tsiku limodzi zomwe zambiri zimafa chilimwe chisanathe. Chovuta n'chakuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo matumba omwe amalowa mu Lilongwe ndi Blantyre pa njinga m'bandakucha uliwonse akuchokera m'nkhalango ngati Dzalanyama zomwe zili kale zotetezedwa pa pepala. Bungwe la ku Gland likhoza kuyeza mahekitala omwe atha ndi omwe abwerera, koma mtengo wa gasi ndi magetsi, umene udzagamule ngati lonjezo la mahekitala 4.5 miliyoni likwaniritsidwe, uli m'manja mwa unduna wa zachuma ndi nyumba ya malamulo.